Mankhwala a Shuga Amayenda ndi Kadzutsa

Nkhani yophunzitsa odwala matenda a shuga ndi owasamalira m'makomboni a Lusaka

Ena mwa inu mwasiya kantemba m'manja mwa mwana, ena mwachita kupempha kwa abwana kuti mufike kuno. Zikomo kwambiri. Ndiyesetsa kuti zimene mumve lero zikhale zoti mukaziyambe mawa lomweli kukacha.

Ndabwera ndi nkhani imodzi. Munthu amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin ayenera kudya kadzutsa, kadzutsayo akhale woyenera, ndipo adyedwe pa nthawi yake. Dokotala akamalemba kuti pilitsi limodzi m'mawa, amakhala atawerengera kale kuti m'mimba mulowa chakudya. Papepala pamaoneka dzina la mankhwala lokha, koma mbale ya m'mawa ili m'kati mwa malangizowo. Amene wameza pilitsi n'kunyamuka ndi njala wadziika pangozi tsiku lomwelo. Amene wameza pilitsi n'kutsirapo tiyi wodzaza shuga ndi mabanzi wadziika pangozi ina, yobwera pang'onopang'ono, imene imadya maso, impso ndi mapazi.

Kale anthu ankati shuga ndi matenda a kumayadi, a anthu a magalimoto a ku Kabulonga. Lero pitani pa zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, kapena pa makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George, muone amene akhala pa mabenchi kudikira kuyezedwa shuga. Ndi amayi ogulitsa pamsika, madalaivala a minibasi, alonda, akalipentala, agogo olera adzukulu. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 18 mpaka 69 m'Zambia muno, pafupifupi 6 ali ndi shuga wokwera m'magazi. Anapezanso kuti anthu 9 mwa 10 alionse sadya zipatso ndi masamba okwanira. Matendawa ali m'nyumba zathu, ndipo ayenera kulimbanidwa ndi chakudya chimene chimapezeka m'nyumba zomwezo.

Zimene zimachitika m'thupi kukamacha

Nsima, buledi, mpunga, phala ndi kandolo zikagayika m'mimba zimasanduka shuga, shugayo n'kulowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulin, amene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu kuti tipeze mphamvu. Mwa odwala ambiri aakulu msinkhu, insulin amakhalapo koma ndi wochepa kapena thupi silimumvera bwino. Mwa ena, makamaka amene matendawa anawayamba ali ana, kapamba satulutsa insulin n'komwe.

Usiku wonse sitidya, koma ubongo sugona ndi njala, chifukwa chiwindi chimatulutsa pang'onopang'ono shuga amene chinasunga masana. M'bandakucha thupi limauza chiwindi kuti chiwonjezere, pokonzekera ntchito za tsikulo. N'chifukwa chake ena mukayeza m'mawa musanadye mumapeza nambala yakwera. Pamenepa ndi pamene ambiri amasocherera. Amati, "Shuga wanga wakwera kale, ndingomwa mankhwala, kudya ndidya masana." Mankhwala aja amagwetsa shuga m'mimba mulibe kanthu, ndipo masana munthu amafika pa nsima ali ndi njala ya galu, n'kudya mitanda itatu. Mu 2015 ofufuza a ku Israel, motsogozedwa ndi Daniela Jakubowicz, anaonetsa kuti odwala shuga akadumpha kadzutsa, shuga wawo amakwera kwambiri akadya nkhomaliro ndi mgonero kuposa masiku amene adya m'mawa, ngakhale chakudya cha masana ndi madzulo chikhale chomwecho.

Manambala oti musunge pamtima ndi awa. Pa kamakina koyezera, odwala ambiri amafunika kukhala pakati pa 4 ndi 7 asanadye. Nambala ikatsika kupitirira 4, ubongo wayamba kusowa chakudya, ndipo imeneyo ndi ngozi ya mphindi, osati ya masiku.

Dziwani dzina la mankhwala anu

Ndikafunsa munthu kuti akumwa mankhwala anji, yankho lofala ndi lakuti, "Kakang'ono koyera ndi kakakulu koyera." Abale anga, maonekedwe a pilitsi amasintha malinga ndi kampani imene yapanga. Nthawi zina mtundu umene munazolowera supezeka, mumapatsidwa wina kapena kukagula ku famase. Chimene sichisintha ndi dzina. Safunsa anadya phula. Pemphani anesi kapena wopereka mankhwala akulembereni dzinalo m'zilembo zikuluzikulu pa khadi lanu, chifukwa dzinalo ndi limene likuuzeni chochita ndi kadzutsa.

Oyamba ndi metformin, amene ambiri mumalandira a 500 mg kapena 850 mg. Amenewa amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri ndipo amathandiza thupi kumvera insulin. Pawokha sakonda kugwetsa shuga mopitirira muyezo. Vuto lawo lili m'mimba: mukawamwa musanadye amabweretsa mseru, kupotokola ndi kutsegula. Anthu ambiri amene anawasiya ponena kuti "sagwirizana nane" ankangowamwa pa nthawi yolakwika. Amweni muli pakati pa kudya kapena mutangomaliza.

Achiwiri ndi glibenclamide, kapilitsi ka 5 mg, ndi mbale wake gliclazide. Amenewa amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, kaya mwadya kaya simunadye. Pilitsilo likalowa, lalowa, ndipo mphamvu ya glibenclamide imatha kukhala m'thupi mpaka tsiku lathunthu. Amamwedwa chakudya chili kale patsogolo panu, osati chili pamoto, osati chili m'maganizo. Bungwe la WHO linanena pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kuti glibenclamide sayenera anthu opitirira zaka 60, chifukwa mwa okalamba amagwetsa shuga kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali. Ngati agogo kunyumba akumwa amenewa, musawasiyitse nokha, koma kafunseni kuchipatala ngati pali ena owayenera. Chimodzimodzi amene ali ndi vuto la impso.

Achitatu ndi insulin. Anapezeka ku Toronto mu 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu January 1922 anapulumutsa mnyamata wina, Leonard Thompson, pa nthawi imene ana odwala matendawa ankangoyembekezera imfa. Si mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kufa ayi, ndi mankhwala opatsa moyo. Koma amafuna mwambo. Insulin woyera ngati madzi amene amabayidwa pa chakudya amayamba kugwira pakapita mphindi pafupifupi 30. Wosakaniza uja wa 30/70, wooneka ngati mkaka, nayenso amabayidwa mphindi 30 musanadye, ndipo gawo lake lina limapitiriza kugwira mpaka madzulo. Mukabaya, chakudya chikhale chokonzeka kale, ndipo musatuluke m'nyumba musanadye. Ambiri obaya wosakanizayu amafunikanso kanthu kakang'ono kodya cha m'ma 10 koloko.

M'mawa wa mayi wina

Taganizirani mayi wa ku Kanyama wogulitsa tomato. Amadzuka 4 koloko kuti akafike kumsika wa Soweto magalimoto a alimi asanathe kutsitsa. Magetsi kulibe, mbaula ndi yozizira, ana ali m'tulo. Pakhadi analemba kuti pilitsi m'mawa, ndiye amameza glibenclamide ndi madzi a m'chigubu, n'kumanga chitenje, ulendo. Amayenda wapansi mpaka pa siteshoni, amakanganirana mabokosi, amatsutsana mtengo, amalondola mnyamata wa wilibala pakati pa matope ndi anthu. Minofu ikudya shuga, pilitsi nalo likugwetsa shuga, m'mimba mulibe chilichonse.

Pofika 9 koloko wayala tomato wake. Manja ayamba kunjenjemera pomanga pulasitiki. Thukuta lozizira likutsika m'khosi ngakhale kuli mphepo. Kasitomala wampatsa ndalama, iye akungoiyang'ana, chenji chamusokonekera. Mnzake wa tebulo loyandikana akamufunsa, akuyankha mwaukali, mawu akutuluka okokeka. Anthu ayamba kunong'onezana kuti mayiyu wayamba kumwa, ena akuti amuchita chipongwe ochita naye nsanje, ena ayamba kupemphera. Pamene akukambirana choncho, ubongo wake ukuzima. Mayiyu sanaphwanye lamulo lililonse limene anauzidwa. Anangouzidwa theka la lamulolo.

Chomwecho chingachitikire mayi wa ku Mtendere woyenda wapansi kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Ibex Hill, wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga ali ndi moto m'manja, kapena dalaivala wochoka ku Matero atanyamula anthu odzaza basi. Ntchito ya thukuta ndi ulendo wapansi zimatsitsa shuga, ndipo anthu a m'komboni ndi amene amachita zonse ziwiri dzuwa lisanakwere.

Kadzutsa amene amatinamiza

Ena anganene kuti, "Ife timadya m'mawa." Tiyeni tione chimene timadya. Tiyi wa masupuni atatu kapena anayi a shuga, mabanzi kapena vitumbuwa, buledi woyera, maheu a m'botolo, phala la ufa woyera lotsekemera, ndipo ndalama ikavuta, zigolo, madzi othira shuga aja. Supuni ya tiyi imodzi imanyamula magalamu pafupifupi 4 a shuga, ndipo yodzaza mpaka pamwamba imaposa pamenepo. Bungwe la WHO limalangiza ngakhale munthu wabwinobwino kuti shuga wothira asafike masupuni 12 patsiku, ndipo kukhala pansi pa 6 ndiye bwino koposa. Makapu awiri a tiyi wathu amatha kumaliza muyezo wachiwiriwo dzuwa lisanatuluke. Shuga wabulauni ndi uchi musazione ngati zosiyana, m'magazi zimachita chimodzimodzi.

Aliyense pano anayatsapo mbaula. Mukaika mapepala okhaokha, moto umalilima n'kuzima poto asanatenthe. Mukaika malasha abwino, moto umayaka modekha mpaka nyemba kupsa. Tiyi wa shuga ndi mabanzi ndi mapepala. Shuga amakwera msangamsanga kuposa mmene mankhwala angathere, kenako chakudyacho chimatha m'mimba pamene pilitsi likadali ndi mphamvu, ndipo chisanafike chakudya cha masana munthu ali ndi njala ndi chizungulire. Wodwala shuga amafuna malasha.

Kadzutsa woyenera

Kadzutsa woyenera ali ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi chakudya chopatsa mphamvu chosayeretsedwa kwambiri, pamlingo wa chibakera chanu. Yachiwiri ndi chakudya chomanga thupi kapena cha mafuta achilengedwe, monga nshawa, nyemba, dzira, kapenta, soya, mkaka wowawasa wopanda shuga kapena mapeyala. Yachitatu ndi masamba kapena chipatso chimodzi chaching'ono. Mbali yachiwiri ndi yachitatu zimachedwetsa chakudya m'mimba, choncho shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono ndipo munthu amakhuta nthawi yaitali.

Tiyambe ndi ufa. Ufa wa Breakfast umene timaunyadira chifukwa cha kuyera kwake unachotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga. Wa Roller unasiyidwako zina, ndipo mgaiwa wa kuchigayo uli ndi zonse. Mwamwayi, Roller ndi amene amatsika mtengo. Pogula thumba kapena pamela pa kantemba, sankhani ameneyo, ndipo musachite manyazi kuti aneba aona nsima yoderako. Koma ndikuchenjezeni: mgaiwa nawo ndi chimanga, ndipo ukachuluka umakweza shuga. Ufa wabwino suchotsa lamulo la chibakera.

Nazi mbale zimene zingatheke m'komboni. Kapu imodzi ya phala lolimbako la mgaiwa, la mapira kapena la mawere, lothira masupuni awiri a nsinjiro kapena chiponde, lopanda shuga. Kandolo, kapena kuti mbatata, wophika ndi khungu lake, wamkulu ngati chibakera, ndi nshawa zokazinga zodzaza dzanja limodzi. Sampo wosakaniza ndi nyemba, nyembazo zikhale zambiri. Chimanga chimodzi chophika kapena chowotcha ndi dzira lowiritsa. Chidutswa cha dzungu ndi nshawa. Magawo awiri a buledi wabulauni ndi dzira, chiponde kapena peyala, pamodzi ndi tomato. Ndipo mbale imene ndimailemekeza kwambiri ndi ya makolo athu: kamtanda ka chimbala ndi ndiwo zotsala, kaya ndi chibwabwa chotendera, kalembula, bondwe, repu kapena nyemba. Palibe lamulo loti masamba amadyedwa masana okha. Kapenta muzimuviika kaye kuti mchere uchepe, chifukwa shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi.

Chakumwa chikhale madzi, kapena tiyi wopanda shuga, wothira mkaka pang'ono kapena mandimu. Lilime limadandaula masiku oyamba, koma limazolowera. Munkoyo, thobwa ndi maheu ndi chimanga chamadzimadzi, nthawi zambiri chothiranso shuga, ndipo zimakweza shuga msanga kuposa nsima. Nyengo ya mango idyani limodzi laling'ono mutadya kale china, osati beseni. Chipatso chodya ndi mano chimaposa juwisi.

Amene muli ndi kamakina, yezani musanadye ndiponso patapita maola awiri mutadya, mulembe m'kabuku pamodzi ndi chimene mwadya. Matupi amasiyana, ndipo kabukuko kadzakuuzani mbale imene ikukuyenerani inuyo. Amene impso zawo zinayamba kufooka, ndi amayi oyembekezera, ali ndi malangizo awoawo a chakudya ochokera kuchipatala, ndipo atsate amenewo.

Kadzutsa amakonzedwa usiku

Tonse tikukumbukira 2024. Mvula inakana, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankabwera maola owerengeka okha. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa kuti chakudya cha munthu womwa mankhwala sichingadalire kuti kukacha kudzakhala moto. Ngakhale magetsi alipo, mayi wodzuka 4 koloko alibe nthawi yophika.

Choncho mbaula ikadali yotentha mutaphika mgonero, ikanipo kandolo wa mawa, wiritsani dzira, kazingani nshawa za mlungu wonse muziike m'botolo. Amene ali ndi fulasiki athiremo phala. Patulani gawo la wodwala musanagawe chakudya cha madzulo, mulivundikire, ndipo ana adziwe kuti mbale imeneyo ndi mbali ya mankhwala a amayi kapena a agogo. Ngati simutha kudya m'bandakucha, nyamulani zonse ziwiri, chakudya m'kambale ndi pilitsi m'kathumba, mukamwe pamene mwakhala pansi kudya. Pilitsi lidikire chakudya, ndipo yesetsani kuti ikhale nthawi yofanana tsiku lililonse.

Chakudya chogona chimafuna ukhondo. Kolera wa 2023 ndi 2024, amene anadzaza odwala m'bwalo la masewera la Heroes, anavutitsa kwambiri makomboni athu. Vundikirani chakudya, ndiwo zogona muzitenthetse mpaka zitawira, sambani m'manja ndi sopo, ndipo madzi akhale owiritsa kapena othira klorini. Botolo la insulin limene mukugwiritsa ntchito likhoza kukhala kunja kwa firiji pafupifupi milungu inayi ngati lili pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa ndi mbaula. Mtsuko wadothi wonyowa umathandiza m'miyezi yotentha. Botololo lisaumitsidwe ngati ayisi.

Masiku osiyana ndi ena

Tsiku la kiliniki, akakuuzani kuti mubwere musanadye kuti akuyezeni, musamwe glibenclamide kapena kubaya insulin wa chakudya kunyumba n'kukaima pa mzere. Nyamulani mankhwala ndi kadzutsa wanu. Akangokuyezani, imwani ndi kudya pomwepo. Mukamva zizindikiro muli pa mzere, uzani anesi nthawi yomweyo, musadikire dzina lanu.

Za kusala kudya, kaya ndi kumpingo, kuphiri kapena m'mwezi wa Ramadan, kambiranani ndi achipatala masiku asanafike. Kwa ena mankhwala angasinthidwe nthawi ndi mlingo, kwa ena kusala n'koopsa ndithu. Abusa ndi mashehe, tithandizeni kuuza anthu anu kuti wodwala akamadya chifukwa cha mankhwala sanachepe chikhulupiriro.

Mukadwala malungo, kusanza kapena kutsegula m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Metformin amakhala woopsa thupi likatha madzi, ndipo nthawi zambiri amaimitsidwa kaye mpaka mutachira. Insulin yekha sasiyidwa ngakhale simukudya, makamaka kwa amene anayamba matendawa ali ana, chifukwa matenda amakweza shuga. Mlingo wake ndi umene achipatala amasintha.

Mowa umatsekereza chiwindi kutulutsa shuga. Bambo amene wamwa kachasu kapena Chibuku usiku osadya, m'mawa n'kumeza glibenclamide, akhoza kukomoka anthu n'kumati ndi matsire. Alonda ndi ena ogwira ntchito usiku, auzeni achipatala za nthawi zanu kuti mankhwala agwirizane ndi chakudya chanu choyamba mukadzuka. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, monga TLD, nenani ku kiliniki ya shuga, chifukwa amachulukitsa metformin m'magazi ndipo mlingo wake umafunika kuonedwa. Mukaiwala pilitsi, musamwe awiri kuti mubwezere. Ndipo ogulitsa zitsamba m'mabasi ndi m'misika akakuuzani kuti botolo lawo limathetseratu shuga, musataye mankhwala anu chifukwa cha iwo.

Tsopano tsiku lowawa koposa, limene ambiri amachita nalo manyazi: kwacha m'nyumba mulibe chakudya. Limachitika, makamaka kumapeto kwa mwezi, lendi itadya zonse. Tsiku limenelo glibenclamide kapena gliclazide adikire mpaka mutapeza chodya chenicheni. Obaya insulin, funsani pasadakhale kuti, "Tsiku lopanda chakudya ndizibaya bwanji?" ndipo akulembereni yankho. Kunena kuchipatala kuti kwanu nthawi zina mumadya kamodzi patsiku si kudzichotsa ulemu. Dokotala amene akudziwa zimenezo amatha kusankha mankhwala ena kapena kusintha mlingo. Amene sakudziwa amalemba ngati mumadya katatu.

Shuga akatsika

Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, mutu, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kupsa mtima popanda chifukwa ndi kulankhula ngati woledzera. Amene akhala ndi matendawa zaka zambiri, ndi amene amamwa mankhwala ena a BP monga atenolol, nthawi zina samva zizindikiro zoyambazo, choncho a m'nyumba akhale maso.

Zigolo zija ndazikana ngati kadzutsa, apa ndiye mankhwala. Sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, munthuyo amwe. Theka la botolo la 300 ml la Fanta kapena Coca-Cola limagwiranso ntchito, koma osati zolembedwa kuti zilibe shuga. Dikirani mphindi 15. Ngati sanasinthe, kapena nambala ikadali pansi pa 4, bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, apo ayi shuga atsikanso. Ngati mulibe kamakina ndipo mukukayika, mpatseni shuga ndithu. Masupuni anayi sangaphe munthu amene shuga wake wakwera, koma angapulumutse amene watsika.

Ngati wakomoka kapena sakutha kumeza, musamuthire chakumwa m'kamwa, chingalowe m'mapapo. Mugonekeni chammbali, pakani shuga pang'ono kapena uchi m'kati mwa tsaya, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kumene amaika shuga kudzera mu diripi. Nyamulani mankhwala ake onse kuti achipatala awaone. Amene wagwa chifukwa cha glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atadzuka, chifukwa shuga amatha kutsikanso patapita maola. Wodwala aliyense aziyenda ndi maswiti kapena kapepala ka shuga m'thumba, ndi khadi lonena matenda ake ndi mankhwala amene amamwa. Madalaivala ndi ogwira makina, musayambe ntchito musanadye, ndipo mukamva zizindikiro imani pambali nthawi yomweyo.

Mawu kwa mabanja ndi kwa azaumoyo

Mutu umodzi susenza denga. Amayi ambiri amagawira ana ndi bambo, iwo n'kutsala ndi tiyi, kenako n'kumwa mankhwala. Abambo ndi ana akuluakulu, yang'anani mbale ya amayi. Musaphikire wodwala mphika wakewake ngati wandende. Phala la mgaiwa lotendera, nyemba ndi masamba ndi zabwino kwa nyumba yonse, ndipo popeza matendawa amayenda m'magazi a banja, mukuteteza ana anu omwe. Uzani mnzanu wa tebulo loyandikana pamsika, kondakitala wanu, kapena mnzanu wa kuntchito kuti mukadzayamba kulankhula zosamveka akupatseni shuga.

Kwa anzanga a zaumoyo, ndikudziwa kutalika kwa mizere ndi kuchepa kwa manja. Komabe mawu akuti "kamodzi m'mawa" ndi osakwanira. Funsani wodwala kuti amadzuka nthawi yanji, amadya chiyani asanatuluke, ndipo ndi masiku angati pamwezi amene m'nyumba mumakhala mopanda kanthu. Mafunso atatuwa satha mphindi ziwiri, koma amasintha zimene mulembe.

Ndikupempheni zinthu zitatu mlungu uno. Dziwani dzina la mankhwala anu ndi nthawi yake yeniyeni. Usiku uliwonse patulani kadzutsa wa mawa musanagone. Phunzitsani munthu mmodzi kunyumba ndi mmodzi kuntchito chochita shuga wanu akatsika. Matenda a shuga sachizika, koma munthu amakhala nawo zaka zambiri akugwira ntchito, akulera ana ndi kuona adzukulu, ngati mankhwala ndi chakudya zikuyendera limodzi. Amene muli ndi makhadi ndi mapaketi a mankhwala, atulutseni tsopano kuti tiwerenge mayina pamodzi, ndipo amene ali ndi funso asachite manyazi.